Litsiro Silinali pa Galasi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi agogo, ndipo sanandifunse maganizo. Chaka chimenecho ndinali nditangomaliza desima, kalasi ya khumi, ndipo njira yopitirizira shikola panalibe. Makolo anga onse anamwalira ndisanayambe kusunga zinthu m'mutu. Anandilera ndi agogo, obereka amayi anga, amene ankagulitsa nyemba pa msika wa ku Ulongwe. Tsiku lina anafika kunyumba, n'kutula dengu pakhonde, n'kuyamba kuyankhula asanakhale n'komwe pansi.

"Lusiya, mawa usambe bwino. A Dona Rozalina akufuna mtsikana wosalongolola. Ndawauza kuti ndili naye wanga, woti ngakhale denga likupsa amangoyang'ana."

A Dona Rozalina anali ndi banka, kameza kofoleredwa ndi malata, pa ngodya ya msika, pakati pa ogulitsa makapulana, zitenje za azimayi, ndi okonza mafoni. Ankagulitsa mawotchi, mabatire ndi magalasi a dzuwa, koma chimene chinkawadyetsa kwenikweni anali magalasi owerengera. Anali mayi wojintcha, wa mawu okweza, wokulira ku Dedza nthawi ya nkhondo. Katundu ankakatenga okha, nthawi zina ku Tete, nthawi zina kudzera ku Kalomwe, pa malire a ku Dedza, ndiye ankafuna munthu wotsala pa banka iwo akachoka.

Zida za ntchitoyi si zambiri. Pali bokosi lathabwa logawidwa timizere, mzere uliwonse mphamvu yakeyake. Mphamvuyo imalembedwa pa kapepala komatidwa pa galasi: +1.00, +1.50, kukwera choncho mpaka +3.50. Pali kansalu kofewa ndi botolo la madzi a sopo zopukutira, kalilole woti wogula adzionere, ndi kashavi kakang'ono komangira timisomali ta m'miyendo ya magalasi tikakhwefuka. Ndiye pali zoyesera. Wodziwa kuwerenga timamupatsa tsamba la buku la nyimbo. Wosoka timamupatsa singano ndi ulusi wakuda. Amene sawerenga ndiponso sasoka timamuikira mbale ya mpunga wosakaniza ndi timiyala kuti asankhe. Munthu amagwira chinthucho pafupi, chigongono chitapindika. Umayamba ndi mphamvu yochepa n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo akangoti zaoneka bwino umaima pomwepo, chifukwa magalasi amphamvu mopitirira amapweteketsa mutu.

A Dona anandiphunzitsa malamulo awiri. Loyamba linali lakuti nambala imakwera ndi zaka. "Wa zaka makumi anayi amayambira pa +1.00. Wa imvi mutu wonse amafika pa +2.50 kapena +3.00. Imangokwera, siitsika. Wamva?" Lachiwiri ndi limene ankalinyadira. "Munthu akabwera nawo osathyoka, akuti sakumuyenera, msinthire. Usamufunse zambiri, usamulipiritse. Enawo sasintha, n'chifukwa chake anthu amachoka ku Lifidzi kudutsa mabanka onse kubwera kwa Rozalina."

Lamulo limeneli ndinalikonda. Ndinkaona kuti ndi la chifundo.

A Bonifasio anafika pa banka nthawi yokolola nyemba. Anali bambo wamtali, wa imvi, wovala jekete lakuda lofwifwa m'mapewa, ndipo pa keliyala ya njinga yawo anamangirira buku lalikulu lokutidwa m'pulasitiki. Anadzitchula kuti ndi akatekisita a kapela ya m'mudzi wina kupitirira Lifidzi. Kumeneko a Padiri amafikako mwa apo ndi apo, ndiye Lamulungu lililonse amene ankaima kutsogolo n'kuwerengera anthu Mawu anali iwowo. Anandifunsa chiwongo changa, ndipo nditawauza, sananditchulenso Lusiya. Ndinakhala Nangozo.

"Nangozo, manja anga afupika," anatero. "Bukuli ndikalitalikitsa mpaka pamene dzanja lathera ndiye zilembo zimaima. Posachedwa ndidzafunika mwana woti azindigwirira ali panja pa kapela."

Tsamba langa la nyimbo analikana. Anamasula buku lawo lomwelo, la mawerengo a Lamulungu, n'kuyesera pamenepo. Tinakwera mpaka +2.50, ndipo anawerenga ndime yonse mokweza, ngati ali kutsogolo kwa mpingo. Anapita akusekerera.

Patapita masabata angapo anabweranso. "Nangozo, magalasi ako akalamba msanga kuposa ine." Ndinawayesa. +2.50 inali chifunga chokhachokha. Ndinawapatsa +3.00, poti nambala imakwera, koma zinaipiraipira. Ndinakwera mpaka kumapeto kwa bokosi osapeza kanthu. Pofuna kungoti ndisaoneke wogonja, ndinatsika. Pa +1.50 anaomba m'manja.

"Amenewa! Bwanji sunandipatse amenewa poyamba?"

Ndinawapatsa amenewo n'kulandira akale aja. Atachoka ndinauza a Dona, ndipo iwo sanavutike n'kuganiza. "Unasokoneza timapepala. Unamata ka +2.50 pa magalasi ena." Ine sindinamatepo kapepala kalikonse, timabwera titamatidwa kale. Komabe ndinatenga aja anabwezawo n'kuwayerekeza ndi anzake a mu mzere womwewo, kuyang'anira nawo zilembo mmodzimmodzi. Anali ofanana ndendende. Ndinawabwezera m'bokosi.

Kusinthako kunapitirira. Anabwera kudzatenga +2.00. Kenako anabwerera ku +2.50. Kenako anatsika mpaka +1.00, magalasi a munthu wa zaka makumi anayi. A Dona ankawaseka.

"Akatekisita, maso anuwa ali ngati mtengo wa matimati. Lero wakwera, mawa watsika."

"Dona, katundu wanuyu ndi wa pa Kalomwe. Amasintha ngati osintha ndalama aja."

Ankaseka onse awiri, ine n'kutsegula bokosi n'kusintha. Koma mumtima ndinkasokonezeka. Ogula ena onse ankatsata lamulo la a Dona. Munthu mmodzi yekhayu ndiye ankaliphwanya, ndipo sankanama, chifukwa ndinkaona ndekha mmene ankatsinzinira zilembo zikamuthawa.

Panalinso zina zimene ndinkaziona. Akangofika ankapempha madzi, n'kumaliza botolo langa lonse, kenako n'kukagula refresiko, chakumwa chotsekemera cha m'botolo, n'kumwa ali chiimire. Tisanamalize kuyesa ankafunsa njira ya kuchimbudzi cha msika, ngakhale ankaidziwa. Kolala ya malaya awo inkakulirakulira, khosi n'kumasambira m'kati. Pa chala chachikulu cha kuphazi anamangapo kansanza, ndipo miyezi inkadutsa kansanzako kali pomwepo. Zonsezi ndinaziona bwinobwino, koma ndinaziika padera. Ludzu ndi la pakhosi, chilonda ndi cha kuphazi, ndipo ine ntchito yanga inali ya maso.

M'nyengo yozizira, tsiku lina la msika, anafika opanda magalasi kumaso. Anatsitsa kathumba ka mbatata ya kachewere n'kukaika pa banka ngati mphatso. Kenako anatsegula buku lawo, osati pa zilembo zazikulu, koma pansi pa tsamba, pa timawu tofotokozera timene timaoneka ngati nyerere zakufa. Anawerenga ndi maso okhaokha, osaphonya.

"Ambuye andibwezera maso a unyamata," anatero. "Ndawauza kale anthu ku kapela. Taimba nyimbo yothokoza. Magalasiwa tenga, Nangozo, udzapatse wosauka."

Anthu anaunjikana. Mayi wina wogulitsa makapulana analuluta. Wokonza mafoni anawapatsa kabatire kuti awerenge zolembedwa kumbuyo kwake, ndipo anawerenga. Inenso ndinaomba nawo m'manja. Koma pamene ankakankha njinga kuti azipita, a Dona anali kubwera kuchokera kutsidya kwa msewu, atavala kapulana wawo wachikasu amene ngakhale mbuzi ikanamuzindikira. A Bonifasio anawadutsa ngati mlendo. A Dona atafuula kuti, "Akatekisita, mwayamba kunyada?" m'pamene anatembenuka, n'kupepesa, akuyang'ana kumene kwachokera mawu.

Zimenezi zinandizunguza mutu. Munthu angawerenge bwanji nyerere pa pepala, n'kulephera kuona mayi wathunthu pa msewu? Madzulo ndinafunsa agogo. Anati, "Za Mulungu usamazifufuze. Sankha nyembazo." Ndinasankha nyemba.

Tsiku lovuta linafika m'chilimwe, dzuwa litayamba kuwawula. A Dona anali atalawirira ku Kalomwe, ndipo mawu awo otsiriza anali a masiku onse: "Ngakhale kubwere bishopu, banka osaisiya." Cha m'mamawa ndithu ndinaona a Bonifasio akutsika chapa, minibasi yonyamula anthu. Njinga analibe. Pambali pawo panali mayi wamfupi, wowuma thupi, atawagwira pa chigongono. Anali akazi awo, a Nachisale, ndipo kanali koyamba kuwaona.

A Bonifasio anakhala pa kampando osapereka nthabwala. "Nangozo, ndipatse aja oyamba aja."

Ndinawapatsa +2.50. Anavala, n'kutsegula buku, n'kuvula, n'kupukuta ndi malaya. Anavalanso. "Ali ndi litsiro." Ndinawatsuka ndi madzi a sopo, n'kupukuta ndi kansalu mpaka anawala. Anavala. "Likadalipo. Kumanzereku. Ngati mwaye, ngati ulusi wa kangaude. Ukuyandama." Ndinatenga atsopano, osavalidwapo, a m'kapulasitiki. Litsiro linalipo. Ndinatsika mpaka +1.00, ndinakwera mpaka +3.50, ndinabwereza mzere uliwonse. Magalasi anadzaza pa banka ngati nsomba zoyanika, ndipo pa alionse ankati, "Pukutanso."

Sindidziwa chimene chinandichititsa, chifukwa palibe anandiphunzitsapo. Mwina kunali kungotopa. Ndinati, "Bambo, tavulani. Musavale alionse. Litsirolo lilipo?"

Anavula, n'kuyang'ana khoma loyera la sitolo ya kutsidya.

"Lilipo."

Ndinawapempha atseke diso lamanzere ndi chikhatho. Anati khoma layera. Atatseka lamanja anati, "Utsi. Utsi wofiirira, ndipo muli tinthu tikusambira." Kenako anafotokoza motsitsa mawu kuti zinayamba Lamulungu, ali pakati pa Mthenga Wabwino. Mzere unangothimbirira. Anamaliza ndimeyo ndi pamtima, ndipo anthu sanadziwe kanthu.

Apa a Nachisale anayankhula koyamba, ndipo anayankhula ndi ine.

"Ndi magalasi anuwa, mtsikana iwe. Kusinthasintha kwanuku. Amene ankabwera nawo kunyumba aja anali atavalidwapo ndi anthu ena, si choncho? Ukudziwa amene anawavala? Mwawapatsa a munthu wodwala maso."

Sindikanatha kukana, chifukwa mbali ina zinali zoona. Magalasi obwezedwa tinkangowatsuka n'kuwabwezera m'bokosi. Kaya matenda a maso amakhala pa galasi, kaya sopo amawachotsa, ine sindinkadziwa. Ndinayang'ana mulu uja n'kuyamba kuuopa.

"Amayi, tiyeni kuchipatala," ndinatero. "Ngati ndi magalasi athu, akatiuze kumeneko."

"Iwe upite nawo, ukamve wekha," anatero a Nachisale.

Ndinaunjika magalasi m'bokosi osasamala mizere, n'kufunditsa banka ndi kapulana, n'kupempha mayi wa makapulana uja kuti aziponyako diso. Iye anati, "A Dona akakudya wamoyo." Ndinati ndikudziwa.

Kuchipatala tinaima pa bicha, mzere wa odwala, mpaka dzuwa linafika pamutu. Chipinda cha maso chinali kumapeto kwa khonde, ndipo m'katimo munali a tekiniko, woyeza maso, bambo wamfupi wodekha, woyankhula Chinyanja cha ku Tete. Anaimika a Bonifasio patali ndi chikwangwani cha zilembo zokhala ngati mafoloko, zazikulu pamwamba, zazing'ono pansi, n'kuwauza aziloza ndi dzanja kumene mano a foloko aloza. Diso lamanja linatsika mizere ingapo. Lamanzere silinaone ngakhale chachikulu cha pamwamba. Linangoona dzanja la a tekiniko likugwedezeka pafupi ndi mphuno.

Ine ndinkadikira kuti afunse za magalasi. Sanafunse. Anayang'ana kansanza ka kuphazi kaja n'kufunsa za ludzu, za kutaya madzi pafupipafupi, za kuwonda. Mafunso onse anali a zinthu zimene ine ndinaziona n'kuziika padera.

"Bambo, munauzidwapo kuti muli ndi diyabeti? Matenda a shuga?"

Anayankha ndi a Nachisale. "Imeneyo inatha kalekale. Anawapeza nayo zaka zapitazo, mwana wathu wotsiriza asanakwatiwe. Anamwa mapiritsi onse a m'kapaketi, osasiyako ndi limodzi lomwe, ndipo anachira."

"Amayi, shuga si malungo," anatero a tekiniko. "Paketi ikatha mumakatenga ina. Moyo wonse."

Anaitana a enifermeyira, anamwino, amene anabaya chala cha a Bonifasio ndi kasingano, n'kudontheza magazi pa kapepala kolowetsa m'kamakina konga foni. Nambala itatuluka, awiriwo anayang'anana. A enifermeyira anati a Bonifasio asachoke pa chipatala asanaonane ndi a ku chipinda cha shuga. Atamva mawu akuti shuga, a Bonifasio anapemphanso madzi, ndipo a Nachisale anatuluka kukatunga ku mpopi.

Iwo ali kunja, a tekiniko anadontheza mankhwala m'maso onse awiri. Anati madonthowo ndi otsegula kamwana ka diso kuti athe kuona m'kati, ndipo anachenjeza kuti maso achita chifunga ndi kuopa kuwala mpaka madzulo. Ine ndinamva, koma ndinaganiza kachifunga kochepa. A Bonifasio sindikhulupirira kuti anamva. Ankangobwereza chapansipansi kuti, "Moyo wonse."

Tinakhala pa benchi ya pakhonde kudikira kuti mankhwala agwire. A Nachisale anabwera ndi madzi. Patapita kanthawi a Bonifasio anamasula buku lawo, monga ankachitira paliponse akakhala. Analiyandikitsa, analitalikitsa, anatseka diso lamanzere. Kenako anandigwira mkono mwamphamvu.

"Nangozo. Lamanja lapitanso."

Ndinawayang'ana m'maso. Kamwana ka diso kanali katakula mpaka kudya pafupifupi diso lonse, kakuda bii, mbali zonse ziwiri, ngati maso a munthu amene watsirizika. A Nachisale ataona anaponya botolo pansi n'kuyamba kulira maliro enieni, manja kumutu.

"Mayo ine! Tabwera ndi diso limodzi, tibwerera opanda! Iwe mtsikana, wandiphera mwamuna maso! Unayamba ndi magalasi, wamalizitsa ndi madontho!"

Anthu a pa bicha anatizungulira. Wina anati madontho amenewo anachititsa khungu amalume ake. Wina anati ayi, anali amalume a munthu wina. Wina anandifunsa ngati ndine mwana wawo, ndipo nditati ndine wogulitsa magalasi, anapukusa mutu ngati zonse zamveka. Ine ndinaima pakati, mawu a a tekiniko aja ali m'mutu koma osalemera kanthu poyerekeza ndi maso akudawo. Ndinayamba kukayika ngati ndinamva bwino. Ndinaganiza kuti mwina ndi zoona, ndatenga munthu woona ndi diso limodzi n'kumubweretsa ndekha kumene alizimitsa. Ndani akawerenge ku kapela kuja? Ndikanawasiya pa banka bwenzi ali ndi diso lawo.

Ndinagogoda pa chitseko mwamphamvu zimene sindinagogodepo pa chitseko chilichonse. A tekiniko anatuluka, anaona zimene zikuchitika, ndipo sanakalipe. Ananjuta kutsogolo kwa a Nachisale.

"Amayi, ndinayenera kudikira inu musanadontheze. Pepani. Diso lili ngati nyumba ya kawindo kakang'ono. Ndatsegula windo kuti ndione m'kati. Dzuwa likamalowa liyamba kudzitseka lokha. Lowani, muone mmene ndikuchitira."

Anatseka makatani, chipinda chinada. Anatenga katochi kokhala ndi kagalasi koonera, n'kuyandikira mpaka chipumi chawo kutsala pang'ono kugunda cha a Bonifasio. Ankati, "Yang'anani kumwamba. Kumanzere. Pansi." Anakhalitsa pa diso lamanja kuposa lamanzere. Atatsegula makatani anafotokoza pang'onopang'ono.

Anati kumbuyo kwa diso, m'kati, kuli kachikopa kopyapyala ngati ka m'kati mwa chikhungwa cha dzira, ndipo ndi kamene kamaona. M'kachikopako muli timitsempha ta magazi toonda kuposa tsitsi. Shuga akakhala wokwera zaka zambiri amatifooketsa, timayamba kuchucha, ndipo tina timaphulika. Kumanzere tinaphulika, magazi anathira m'kati mwa diso, ndiwo utsi wofiira uja. Kumanja tinali titayamba kale, timadontho ta magazi apa ndi apo, koma tisanafike pakati.

"Koma lamanjali silinandipwetekepo," anatero a Bonifasio.

"Silipweteka, bambo. Ndicho choipa chake. Munthu wa shuga amafunika kumuyang'ana m'kati mwa diso chaka chilichonse, ngakhale akuona bwino ngati kabawi. Mukadikira kuti muone chizindikiro, mwachedwa."

Ndinalimba mtima n'kufotokoza za banka yathu, za manambala okwera ndi kutsika, ndi za magalasi ovalidwa ndi anthu ena. A tekiniko anati matenda amenewa sakhala pa galasi ndipo sapatsirana. Za manambala anati m'diso muli kagalasi kake kachibadwa, ndipo shuga akakwera kamamwa madzi n'kufufuma ngati nyemba yoviikidwa, akatsika kamaphwa. Kakasintha, nambala imasintha. Masiku amene munthu wokalamba wayamba mwadzidzidzi kuwerenga popanda magalasi koma osaona patali, nthawi zambiri ndi masiku amene shuga wakwera kwambiri.

"Ndiye magalasi athu sanawadwalitse?" ndinafunsa.

"Sanawadwalitse. Anangowachedwetsa. Nthawi iliyonse diso likafuula, inu munkalitseka pakamwa."

Sindinadziwe ngati ndamasulidwa kapena ndapezeka wolakwa. A Nachisale nawo sanadziwe, chifukwa anandiyang'ana, n'kuyang'ana amuna awo, n'kuyamba kukonza mpango kumutu. Kenako a Bonifasio anafunsa lawo.

"Ndiye chozizwitsa chija chinali matenda? Ine ndinaimika mpingo wonse kuti tithokoze. Ndikawauza chiyani Lamulungu?"

A tekiniko anabwerera ku nkhani ya maso. Anati diso lamanzere sangalonjeze kanthu, koma lamanja lingapulumuke ngati apita ku Tete msanga kwa dokotala wa maso, ndiponso ngati ayambiranso mankhwala a shuga tsiku lomwelo osadzasiyanso.

Potuluka panja, dzuwa linawabaya m'maso moti anaphimba nkhope ndi buku. Ndinawasiya pa mthunzi n'kuthamangira kumsika kukatenga magalasi a dzuwa. Ndinapeza a Dona atafika kale, kapulana atamuvundukula, akuyang'ana bokosi losokonezekalo, manja m'chiuno.

"Bishopu anabwera?"

Ndinafotokoza zonse, mawu ambiri kuposa amene ndinawayankhulapo chiyambire ntchito. Nditafika pa mawu aja akuti tinawachedwetsa, nkhope yawo inasintha. "Ine ndimagulitsa magalasi, sindine dotolo," anatero mokweza, kuti oyandikana nawo amve. Kenako anasankha magalasi a dzuwa akuda kwambiri, n'kundiponyera. "Thamanga. Ukabwera udzakonze mizereyi, waisakaniza ngati ndiwo za pa ukwati."

Dzuwa likupendeka, tili pa siteji ya chapa, a Bonifasio anakweza magalasi akudawo pang'ono n'kuyang'ana chikhatho chawo. Anati mizere ya m'manja yayamba kubwerera. A Nachisale anawatembenuza nkhope n'kusuzumira m'maso, ndipo ataona kuti kakuda kaja kayamba kuchepa, anapuma mozama. Kwa ine sanapepese. Anangothyola chinangwa chophika chimene anali nacho m'kathumba n'kundipatsa mbali yaikulu.

M'mawa mwake a Dona anasintha lamulo, akudandaula. Kusintha kamodzi basi. Wobwera kachiwiri, kuchipatala. Anati makasitomala atithawa, ndipo ena anatithawadi.

A Bonifasio sanaoneke mpaka mvula itagwa, chimanga chili m'maondo. Anafika pa chapa ndi a Nachisale. Thupi linali litabwererako, ndipo kuphazi anavala nsapato yotseka. Anati ku Tete anawatumiza kupitirira, ku chipatala china chachikulu, ndipo anayenda maulendo otopetsa. Diso lamanzere linkangosiyanitsa usana ndi mdima. Lamanja madokotala analipulumutsa. A ku chipatala anawauza adikire kuti shuga akhazikike asanagule magalasi, ndipo tsopano anawalola. Tinayesa, ndipo anaima pa +2.50.

"Dona, mundigulitse theka," anatero. "Mbali inayi ingokhala yokongoletsa."

"Theka linalo ndigulitse kwa ndani, akatekisita? Mundipezere mnzanu wa diso lamanzere."

A Dona atapita kukathandiza wogula wotchi, ndinafunsa chimene chinkandivuta. "Bambo, anthu aja munakawauza chiyani?"

"Zoona zake. Ndinati, abale, tsiku lija tinaimba nyimbo yothokoza matenda, ndipo amene anaiyambitsa ndine. Ena anaseka, ena anakwiya, mayi wina mpaka lero akuti a chipatala ndiwo anandilanda chozizwitsa. Kenako ndinafunsa kuti, ndani muno anamaliza paketi ya mapiritsi a shuga n'kuganiza kuti wachira? Nangozo, manja anakwera. Sindinali ndekha."

Panopa ndili ndi banka yangayanga, pafupi ndi pokwerera chapa. Za diso pali zambiri zimene sindizimvetsabe. Sindimvetsa bwinobwino kuti chinthu chimene chikuwonongeka chingayambe bwanji chaoneka ngati chikuchira, kapena kuti chiwalo chofewa chotere chingachuche magazi osapweteka. Koma munthu akabwera kachiwiri kuti magalasi asintha, bokosi sinditsegula. Ndimamuuza atseke diso limodzi ndi chikhatho, kenako linalo. Ndimamufunsa za ludzu, za kutaya madzi, za chilonda chosapola, ndiponso ngati anauzidwapo za shuga. Akati anauzidwa, ndimamufunsa kuti ndi liti pamene munthu wa katochi anasuzumira m'kati mwa diso lake. Ambiri amati sanasuzumirepo, poti akuona bwino.

Ena amandinyoza kuti wogulitsa pa msika wadziyesa dotolo. Ine sindikangana nawo. Ndimawauza kuti chimene ndimagulitsa chimakhala kunja kwa diso, pa mphuno, ndipo za m'kati sindiziona. Kenako ndimaimirira, n'kuwatulutsa pa mthunzi wa malata, n'kuwalozera njira ya kuchipatala mpaka nditaona kuti aitenga.